Magalasi a Pamphumi

Mlandu ukakhala wa kuba m'shopu, bwana wanga Inspekita Lexon Msulira savutika ndi kuganiza. Amafunsa funso limodzi lokha: "Mlonda ndani?" Akangomuuza amatuma galimoto, ndipo tsiku limenelo mafuta amapezeka. Umu ndi mmene bambo Nasoni Chimtengo anapezekera m'chitokosi mwathu Lolemba m'mawa, atavulidwa lamba ndi nsapato, akudikira kukaonekera kukhoti Lachitatu.

Ine ndine Sajeni Consolata Chiwaula. Ndafufuza milandu mu Old Town muno kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo alonda amene ndawaona akulowa pakhomo pathu atamangidwa ndi ochuluka kuposa akuba. Fayilo ya bambo Nasoni inagwa patebulo panga Lachiwiri m'mawa.

"Ingomalizani mapepala, Sajeni," anatero a Msulira. "Nkhani iyi yatha kale."

"Katundu wapezeka, bwana?"

"Akanena yekha kukhoti kumene anabisa."

Nkhani yake inali yotere. Mayi Sumayya Jafali ali ndi shopu ya magalasi a maso ku Area 2, m'kamsewu kotsikira kumsika. Loweruka anatseka 1 koloko masana monga mwa nthawi zonse. Potsegula Lolemba anapeza kabati ya mafelemu odula ili pululu, ndipo tabuleti, chifoni chachikulu chimene chinkakhala pa kauntala, nayonso itapita. Loko sanathyole. Makiyi anali patatu: kwa mayi Jafali, kwa wogulitsa wawo wamkulu Clifton Gwaza, ndi ena apadera amene ankakhala m'chitini m'kanyumba ka mlonda, kuchitira ngozi ya moto. A Msulira atafika pa chitinicho anasiya kuwerenga.

* * *

Ndinawatulutsa bambo Nasoni n'kuwakhazika pa benchi. Anali munthu wa zaka za m'ma sikisite, wa ku Nsaru, wowonda koma wa manja akuluakulu. Pa shopupo analondera zaka zisanu ndi ziwiri popanda kusowa ngakhale tsache.

Ndinawapatsa sitetimenti imene anasaina Lolemba. "Mawu awa ndi anu?"

Anatambasula mkono mpaka pepala linafika pa bondo, n'kutsinzinira diso limodzi. Kenako anandibwezera. "Werengani ndinu, bwana. Maso angawa anayamba ulesi."

"Apa akuti Lamulungu simunachoke pa ntchito tsiku lonse. Koma mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu akuti anakuonani mukuchoka 9 koloko mutavala jekete ndi tayi. Mlonda amavala tayi pa ntchito?"

Anayang'ana zala zakumapazi. "Ndinanama, bwana. Mundikhululukire."

"Kukhululuka si ntchito yanga. Munapita kuti?"

"Ku Kawale, kutchalitchi. Mdzukulu wanga amabatizidwa, woyamba kwa mwana wanga wamkazi. Anamutcha dzina langa. Nkadapanda kuoneka anthu akadati chiyani? Cha m'ma 12 ndinali nditabwerako, chitseko chili chotseka bwinobwino, ine n'kukhala pampando wanga."

"Nanga makiyi a m'chitini?"

"Ali momwemo. Chiikireni sindinawagwirepo."

"Munatsanzika kwa ndani?"

Ndinafunsa kachiwiri, kachitatu. Pomaliza anangoti, "Ndinalonjeza."

"Bambo, mawa mukupita kukhoti. Akakumangani ndi zaka, osati masiku. Mdzukulu wanuyo adzayamba kuyenda inu muli kundende. Munalonjeza ndani?"

Anapuma mozama. "A Clifton. Ndinawapempha Lachisanu. Anati, 'Pitani, madala, koma amayi asadziwe, angandikalipire ine.' Munthu wandichitira chifundo, ndiye ine ndizikamutchula kupolisi? Iyayi, bwana, sitinaleredwe choncho."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu wagona pa simenti, nsikidzi zikumudya, chifukwa cha ulemu. Komabe tsopano ndinali ndi poyambira. Mu Lilongwe yense munali munthu mmodzi amene ankadziwa kuti Lamulungu, kuyambira 9 mpaka 12, pa shopupo padzakhala popanda mlonda.

* * *

Galimoto imene inali ndi mafuta dzulo lake inalibe mafuta lero, ndiye ndinayenda wapansi, ndikuzemba ma kabaza ndi mawilibala a tomato. Mayi Jafali ndinawapeza akupukuta kabati yopanda kanthu ija. Ndi mayi wamfupi, wolankhula mwachangu ngati wina akumuthamangitsa.

"Mafelemu ndigula ena, mayi apolisi, koma tabuleti ija ndiyo inkakoka anthu. Munthu amangoyang'ana pamenepo, nkhope yake ikuoneka, magalasi n'kutera okha pamphuno. Akadina, abwera ena. Osakhudza katundu wanga, osathyola kanthu. Anandipangira pulogalamu yake ndi mtsikana wina wa ku Area 15, Rachel Nthala. Mutu wake umagwira ntchito ameneyo. Wamalizanso ina ya pafoni, kuti anthu aziyesa magalasi ali kunyumba kwawo. Lachisanu lino tikuikhazikitsa, ndaitana eni mashopu anzanga kuti adzamuone."

"Loweruka potseka tabuletiyo munaiona?"

"Ndinaizimitsa ndekha ndi dzanja ili. Wallahi, Nasoni wandikhumudwitsa. Ndinkamupatsa mpunga pa Idi chaka chilichonse."

Clifton anali kumbali akumvetsera, malaya oyera ositidwa bwino, fungo la pefyumu likufika asanafike mwini wake. Zaka zake mwina makumi atatu. Ndinamuitanira panja n'kumuuza zimene mlonda ananena.

Anaseka pang'ono, mokhala ngati akumva chisoni. "Shame, madala aja asokonezeka. Ine ndingapereke bwanji permission? Si ine bwana pano. Munthu akapanikizika amagwira aliyense, madam."

"Lamulungu munali kuti?"

"Area 43, kwa mnzanga Jordan. Tinali ndi braai. Kuyambira 8 ndinali naye, kugula nyama, makala, chilichonse. Muimbireni."

Ndinaimba. Jordan anayankha ngati mwana wolakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu: 8 koloko, nyama, makala. Mawu omwewo, mndandanda womwewo. Ndinadziwa kuti ndi bodza, koma kudziwa kwanga sikutsegula chitokosi.

"Ndiponso onani apa," anatero Clifton, akutulutsa foni yake yaitali yonyezimira. "Status yanga ya Sunday, 11 koloko. Uyu ndi Sellah, chibwenzi changa. Mtengo uwu ndi wa kwa Jordan."

Chinali chithunzi chodulidwa m'mbali, chongotsala mutu ndi mapewa. Mtsikana wokongola akumwetulira, kumbuyo kwake mtengo wa mango ndi utsi wa nyama. Pamaso pake panali magalasi ofiira, ooneka kuti ndi ojambula, ndipo pakona panali kachizindikiro ka shopu.

"Magalasi awa ndi a pulogalamu ija?"

"Yes. Ndimawaonetsa anzanga app yathu. Ngakhale pa Sunday ine ndimagwirabe ntchito ya madam."

"Munajambula ndi chiyani?"

"Foni yomwe ino. Rachel ananditumizira ya pafoni sabata yatha."

Ndinalemba zonse, iye n'kusaina ndi siginecha yaikulu ngati ya nduna. Chithunzicho ndinamuuza anditumizire. Sindinaone chachilendo pa icho, ndinangofuna kudzafunsa ngati mtengo wa mangowo ulidi kwa Jordan. Nthawi inali itakwana 11, ndipo ndinali ndi mawu a mlonda wonama kutsutsana ndi mawu a munthu wa mboni ndi chithunzi.

* * *

Rachel Nthala anali m'shopumo Loweruka m'mawa, choncho ndinayenera kumumvanso. Minibasi inanditula patali, ndipo ndinayenda pa dzuwa m'misewu ya ku Area 15, kumene umangoona mipanda ndi kumva agalu. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azakhali ake. Patebulo panali laputopu, makapu atatu a tiyi wozizira, ndi mafoni atatu akale ogonekedwa pamzere. Mwini wake anali ndi maso ofiira a munthu amene tulo anasiyana nato kalekale.

Za Loweruka analibe chachilendo: anafika 10, anachoka 11, tabuleti anaisiya pa kauntala. Ndinamufunsa ngati tabuletiyo imasunga zithunzi za anthu, poganiza kuti mwina wakubayo anajambulidwa.

"Ayi, madam, sisunga pokhapokha munthu atadina yekha kuti ajambule. Imangowerenga nkhope basi." Anatembenuza laputopu. Panali nkhope yopanda khungu, yolukidwa ndi timizere ngati ukonde. "Kamera ikaona nkhope, imaimwaza timadontho 468. Pamphuno, m'mbali mwa maso, pamilomo, pachibwano. Kadontho kalikonse kali ndi nambala yake, ndipo munthu akatembenuka timatembenuka naye. Mbali imeneyo si yovuta, anapanga kale ena. Yanga ndi yotsatira. Kamera ili ndi muyeso wake, screen ili ndi wake. Ndiye ndiyenera kuuza foni kuti kadontho ka pakati pa maso kagwere pati pa screen: masitepe angati kuchokera kumanzere, angati kuchokera pamwamba. Pamenepo ndi pamene ndimapachika magalasi."

Ine za makompyuta zimandipweteka mutu, ndipo bambo Nasoni anali akadali pa simenti. Koma ndili ndi chizolowezi chimodzi: chinthu chikatchulidwa pa mlandu, ndimafuna ndichigwire ndi manja anga.

"Ndiikireni pa foni yangayi ndione."

Anazengereza. "Imadya bundle kwambiri, madam."

"Ndili nayo."

"Komanso kuwala kwa m'nyumba muno si kwabwino."

"Tituluke panja."

Anaiika, manja akuchedwa dala. Tinaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinakweza foni, nkhope yanga n'kuoneka, yotuwa ndi fumbi la mu Old Town. Magalasi akuda anatulukira n'kutera pamphumi, pamwamba pa nsidze, atapendekera cha kumanja. Ndikatembenuka ankanditsatira mokhulupirika, koma kutsika osatsika.

"Achemwali, maso anga ali pamphumi?"

"Ndi kamera ya foni yanu, madam. Mafoni ena amatero."

Ndinamuyang'ana. Iye ankayang'ana mapeyala. Aliyense tsiku limenelo anali ndi kabodza kake, ndipo ine ndinali nditatopa. Ndinatsanzika n'kubwerera ku siteji.

Minibasi inachedwa. Nditakhala pa mwala ndinatsegula chithunzi cha Sellah kuti ndionenso mtengo wa mango uja. Mtengowo sindinauone n'komwe. Ndinaona magalasi ofiira atakhala pamphuno ndendende, diso lililonse lili pakati pa galasi lake, ngati anachita kumuyeza kwa dokotala. Ndinayang'ana foni imene ndinagwira. Inali yaitali ndi yopyapyala, msinkhu umodzi ndi ya Clifton.

Minibasi itafika, kondakitala anaitana mpaka kutopa. Ine ndinali nditayamba kale kubwerera.

* * *

Ndinalowa osagogoda. "Yatsani mafoni atatuwa."

Sanatsutse. Pa yoyamba magalasi anatera pamphumi panga. Pa yachiwiri anapita pa tsaya, cha kukhutu. Pa yachitatu theka lake linatuluka kunja kwa sikirini. Rachel anakhala pa bedi n'kugwira kumaso.

"Ndi kamera ya foni yanga?" ndinafunsa.

"Ayi." Mawu ake anali otsika. "Ndi ine. Pamene ndinkapanga ya m'shopu ndinali pa changu. M'malo moti pulogalamu izifunsa chipangizo chilichonse kuti screen yako ndi yotalika bwanji, yotambalala bwanji, ndinangolemba manambala a tabuleti ija mwachindunji. Pa tabuletipo zimakhala bwino. Pa foni ina iliyonse timadontho timawerengedwa ndi muyeso wa tabuleti, ndiye timagwera polakwika. Foni ikakhala yaitali magalasi amakwera pamphumi, ikakhala yaing'ono amathawira kumbali. Ndinachotsa manambalawo malo amodzi, koma ali m'malo ambiri, komanso foni iliyonse imadula chithunzi cha kamera mosiyana. Masabata atatu ndikulimbana nazo."

Ndinamvetsa. Zinali ngati telala amene wasoka mayunifolomu a sukulu yonse pa muyeso wa mwana mmodzi. Ndinamuonetsa chithunzi cha Sellah. "Ichi anajambula ndi foni?"

Anachiyang'ana kamphindi chabe. "Sizingatheke. Iyi ndi tabuleti."

"Chinajambulidwa Lamulungu 11 koloko ku Area 43, tabuleti itatsekeredwa m'shopu Loweruka. Clifton wasaina kuti anajambula ndi foni yake. Akudziwa kuti ya pafoni sigwira?"

"Palibe akudziwa. Ndinamutumizira kuti ayese, sanandiyankhe. Ndinathokoza Mulungu kuti ndi waulesi."

"Ndiye 4 koloko mubwere ku shopu. Mukanene zimenezi pamaso pa bwana wanga ndi mayi Jafali."

Anadzuka ngati wakhala pa singano. "Madam, ayi. Ndinawauza kuti yatha. Aitana anthu Lachisanu. Iyi ndi ntchito yanga yoyamba yeniyeni chimalizireni sukulu, zaka ziwiri ndikungoyenda ndi ma envelopu ku City Centre. Akamva kuti ndinanama, Area 2 yonse imva tsiku lomwelo. Ndipatseni mpaka Lachinayi. Ndatsala pang'ono, ndikuona pamene pali vuto. Ndikakonza ndidzanena chilichonse chimene mukufuna."

"Mukakonza, magalasi adzakhala pamphuno pa foni iliyonse, ya Clifton yomwe. Loya wake adzangoyatsa foni m'khoti, ine n'kuoneka chitsiru. Umboni wanga ndi kulakwitsa kwanuko. Ndipo khoti ndi mawa, osati Lachinayi."

"Inuyo simungakanene nokha?"

"Bwana wanga sangamvere ine za timadontho. Adzati foni yanga ndi yachabechabe, monga munanenera inu."

Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso, chifukwa ndinalibe nthawi yake.

"Mukuwadziwa bambo Nasoni?" ndinafunsa.

"Amandisungira mpando pamthunzi ndikafika shopu isanatsegulidwe."

"Mpandowo lero ulibe munthu." Ndinanyamula chikwama changa. Sanalonjeze kanthu, ndipo ndikutuluka ndinamva zala zake zayambanso kugogoda pa laputopu.

* * *

Kuti a Msulira avomere kubwera ku shopu ndinachita kuwauza kuti mayi Jafali akufuna kuwathokoza pamaso. 4 koloko inakwana tili anayi: iwo, ine, mayi Jafali ndi Clifton. Rachel kunalibe.

Ndinayamba ndekha. Ndinafotokoza za timadontho, za muyeso, za telala. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati wogulitsa mankhwala a zitsamba m'basi. Ndinaonetsa magalasi pamphumi panga.

"Foni yanuyo ndi ya pamsika, Sajeni," anatero a Msulira, akuyang'ana wotchi. "Mwandiyendetsa chifukwa cha zimenezi?"

"App ilibe vuto, bwana," anatero Clifton modekha. "Mwini wake anatsimikiza kuti yatha. Si choncho, madam?"

"Anatero," anavomera mayi Jafali. "Rachel sanganame."

"Ndiye yatsani pa foni yanu, a Gwaza," ndinatero.

"Ndinaichotsa dzulo. Space inachepa."

A Msulira anatenga chipewa chawo. Inali 4:25. Ndinaganiza za bambo Nasoni akukwera galimoto ya kukhoti opanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Ndinali wokonzeka kunena mawu amene akanandichotsetsa ntchito.

Njinga ya kabaza inaima pakhomo. Rachel analowa, laputopu ili kukhwapa, fumbi lili m'tsitsi. Sanapereke moni kwa wina aliyense. Anapita molunjika kwa mayi Jafali.

"Amayi, ndinakunamizani. Ya pafoni sinathe. Sigwira pa foni iliyonse, imagwira pa tabuleti yanu yokha. Ndinaopa kukuuzani."

Mayi Jafali anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Ndipatseni mafoni anu nonse," anatero Rachel. "Ndiika yomweyo imene ndinamutumizira Clifton, sindinasinthe kanthu. Tsiku lake lili apa, muone nokha."

Anayamba ndi ya mayi Jafali: magalasi pamphumi, pa mpango. Kenako ya a Msulira, kafoni kakang'ono kosweka pakona. Bwana wanga anakweza foni, nkhope ili gwa, ndipo magalasi a pinki anatera pa tsaya lawo, galasi limodzi litaphimba khutu. Sindinaseke. Mulungu ndi mboni kuti ndinalimbana nako.

"Yanu, a Gwaza," ndinatero.

Anaigwira mwamphamvu. A Msulira, amene tsopano anali atakwiya chifukwa cha pinki uja, anangotambasula dzanja, ndipo Clifton anaipereka. Rachel anatsegula uthenga umene anamutumizira sabata yatha n'kutionetsa: fayilo inali isanatsitsidwe n'komwe. Anaitsitsa, anaiika, n'kumulozetsa kamera. Anasankha felemu yofiira yomwe ija. Inatera pamphumi pa Clifton, pamene thukuta linali litayamba kale kutsika.

Ndinaika chithunzi cha Sellah pambali pake. "Lamulungu anakhala pamphuno. Lero akwera. Nkhope ya chibwenzi chanu ndi yanu zimasiyana, koma foni ndi yomweyi, mwasaina nokha."

"Mwina... mwina inali foni ya Jordan."

"Tiyeni tikaitenge," anatero Rachel. "Pa iyonso magalasi akhala pamphumi."

Mayi Jafali anamuyandikira. Sanakweze mawu. "Clifton, ndinakutenga ulibe ngakhale nsapato zabwino. Tabuleti yanga ili kuti?"

Inali m'buti ya galimoto ya Clifton, pansi pa tayala lapadera, yokulungidwa m'thawulo. Mafelemu anali kwa Jordan. Pambuyo pake Clifton anatiuza kuti tabuletiyo sankafuna kuiyatsa, koma Sellah ataiona m'galimoto anakakamira kuti ayese magalasi anzake aone. Chithunzicho chitakongola, iye anaganiza kuti wapeza umboni waulere woti anali ku Area 43.

A Msulira anamumanga okha unyolo, akuuza anthu amene anasonkhana pakhomo kuti ankamukayikira kuyambira pachiyambi. Ndinawasiya, sindinafune kudwala mtima.

Ndinkayembekeza kuti mayi Jafali amukumbatira Rachel. Anapukuta tabuleti yawo ndi nsonga ya mpango, n'kunena osamuyang'ana: "Zikomo pa lero. Koma Lachisanu musabwere. Ndikanachita manyazi pamaso pa anzanga onse, inu mukudziwa."

"Chabwino, amayi," anatero Rachel.

"Nanga bambo Nasoni?" ndinafunsa.

"Sanabe, ndavomera, ndipo ndipepesa. Koma anasiya shopu yanga maola atatu. Mlonda wotero ndimusunge bwanji?"

Ndinayesa kuwakumbutsa za zaka zisanu ndi ziwiri, za ubatizo, za amene anawapatsa chilolezo. Anapukusa mutu. Lamulo limandilola kutulutsa munthu m'chitokosi, koma silindilola kumubwezera pa mpando wake.

* * *

Bambo Nasoni anatuluka dzuwa likupendeka. Ndinawabwezera lamba ndi nsapato, ndipo pepala lowamasula ndinawawerengera ndekha liwu ndi liwu asanasaine. Za ntchito ndinawauza mosabisa. Anangogwedeza mutu n'kumanga lamba pa bowo lomaliza.

"Nanga a Clifton adya?" anafunsa. Ndinaopa pakamwa panga, ndinangowatsegulira chitseko.

Panja tinapeza Rachel atakhala pa khonde la siteshoni, laputopu ili pamiyendo, yotseka. Ataona bambo Nasoni anaimirira n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Bwana akuti ndinu mwanditulutsa, mayi," anatero iwo. "Akuti ndi chinthu chanu chija cha m'foni. Ine zaka zonsezi ndimangoona anthu akuseka pa kauntala, sindinayesepo. Tandionetsani."

Rachel anayatsa foni yake n'kuwaimikira patsogolo. Magalasi akuda anatulukira n'kutera pamwamba pa nsidze zawo za imvi. Bambo Nasoni anasendeza mutu kumbuyo, anatsinzinira diso limodzi, anasenderanso pafupi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira bwino chimene ndinachiona m'mawa uja: munthu uyu walondera shopu ya magalasi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sangathe kuona nkhope yake yomwe pa foni.

"Ndikungoona chinthu chakuda," anatero. "Magalasiwo ali pati?"

"Ali pamphumi, bambo," anayankha Rachel. "Ndinalakwitsa. Ndikonza mawa."

Bambo Nasoni anagwira pamphumi pawo ndi zala ziwiri, pamene panalibe kanthu.

"Anthu enawo mukawakonzere," anatero. "Anga asiyeni pomwepo."